Mutu 5: Kanyerere Atembenuza Kathabwa

1. Nyumba ya zida

Pali ntchito zina zimene munthu amagwira popanda womulipira, ndipo akamazifotokoza anthu amangomuyang'ana ngati mutu wake sukuyenda bwino. Ntchito ya gulu losamalira njira ya m'mapiri inali yotero. Loweruka lililonse, anzawo akuchapa ndi kuwongola msana, iwo ankanyamula zikwanje, makasu ndi zitini za penti n'kumakalimbana ndi phiri.

Njirayo inali yaitali zedi. Munthu woiyamba kumapeto a uko ankayenda masiku khumi ndi awiri asanatulukire kumapeto a kuno, akugona m'tinyumba tamatabwa timene tinamangidwa m'mbali mwake. Gulu linaigawa zigawozigawo. Chigawo chilichonse chinali ndi mwini wake wochilambula, wotsegula ngalande zake ndi kupaka zizindikiro zachikasu pamiyala kuti oyenda asasochere.

Mwini wa chigawo chachisanu ndi chiwiri anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina lake lenileni linkamveka kusukulu kokha poitana mayina. Kugulu ankangoti Kanyerere, chifukwa anali wochepa thupi koma ankasenza mtolo woposa msinkhu wake, osadandaula.

Kuti chigawocho chifike m'manja mwake panavuta. Akuluakulu ena ankati mwana wa sukulu sangasunge njira, ubwana ungamuchulukire. Amene anamuimira anali a Kalipentala, bambo wachikulire wa dazi, amene anasunga chigawocho zaka makumi awiri mpaka maondo anawakana. Iwo anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Mwanayu ndamuphunzitsa ndine. Akadzalakwa mudzandifunse ine." Atatero anamupatsa burashi yawo ya chogwirira chakuda, imene panalibe wina anaigwirapo.

Kuyambira tsiku limenelo Kanyerere sankafuna china pansi pano koma kuti anthu aja adzameze mawu awo.

Zida za gulu zinkasungidwa m'kanyumba ka malata kuseri kwa shopu ya a Kalipentala. Mkati munkanunkha utuchi ndi palafini. Pakhoma panali misomali yondandalika, ndipo pamsomali uliwonse pankalendewera kathabwa ka nambala ya chigawo. Mbali imodzi ya kathabwako inali yofiira, ina yoyera. Kakaonetsa kufiira, ndiye kuti chigawo n'chotseka. Kakaonetsa kuyera, n'chotsegula. Madzulo aliwonse a Mlembi a gulu ankadzasuzumira pakhomapo, n'kuimbira foni oyang'anira tinyumba tija kuwauza kumene oyenda angadutse ndi kumene sangadutse.

Lamulo lake linali limodzi, ndipo aliyense ankalidziwa ngati dzina lake. Wotembenuza kathabwa ndi mwini chigawo yekha, ndipo amatero atayenda chigawo chonse ndi mapazi ake, pokwera ndi potsika.

Kathabwa ka Kanyerere kanakhala kofiira milungu itatu. Mvula inagumula mbali ya phiri n'kupita nayo njira yakale, pamalopo n'kutsala phompho loti ukaponya mwala sumva pamene wagwera. Gulu lonse linathandizana kukumba njira yatsopano yolambalala. Chimene chinatsala chinali ntchito ya mwini chigawo, kupaka zizindikiro zatsopano ndi kufufuta zakale.

2. Mawu a a Kalipentala

Loweruka m'mawa Kanyerere anafika kunyumba ya zida ndi msuweni wake, mwana wamkazi wa amalume ake. Ameneyu anali wamkulu kwa iye ndi chaka chimodzi, wamtali, woseka msanga, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche. N'chifukwa chake ankamutcha Wayilesi. Awiriwa anakulira limodzi, kudyera mbale imodzi, kubwerekana nsapato. Wayilesi analibe chigawo chakechake, ankangothandiza msuweni wake.

A Kalipentala anali akusakaniza penti ndi kamtengo. Anapereka zitini ziwiri, yachikasu ndi yotuwa, koma sanazisiye msanga m'manja.

"Tamvera kuno, Kanyerere, ndipo iwe Wayilesi utseke kaye siteshoni yakoyo," anatero. "Mwala uli ndi kumaso ndi kumbuyo. Wokwera amaona kumaso kwake, wotsika amaona kumbuyo. Ukamakwera, chizindikiro cha wotsika sungachione ngakhale utatong'ola maso bwanji, chifukwa chili kuseri kwa mwala umene waupitirira. N'chifukwa chake njira timaipaka kawiri. Pokwera upake za okwera, ufufute zakale zimene ukuziona. Ukafika pakanyumba umwe madzi, utembenuke, utsike ndi mapazi ako omwewo. Pamenepo ndiye uziona zakale za otsika, zimene mpaka lero zikulozabe kuphompho. Uzifufute ndi penti yotuwayi mpaka zifanane ndi mwala."

"Tamva, bambo," anatero Wayilesi, akuyang'ana foni.

"Sindinamalize. Munthu amene wayenda masiku ambiri sayendanso ndi nzeru, amayenda ndi chikasu. Watopa, nsapato zamuluma, nkhungu yatseka. Akaona chikasu amangotsata, ngakhale chikupita naye kumanda. Sakukudziwa iwe, sanakuonepo, koma wakusungitsa miyendo yake. Ndiye kathabwa kaja si chidole. Usadzakatembenuze chifukwa wakuuza wina, ngakhale wokuuzayo atakhala ine, ngakhale mayi ako okubala. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pamene sunaponde ndi phazi lako, sunapaone."

Kanyerere anagwedeza mutu. Mawuwa anali atawamva kambirimbiri, moti akanatha kuwanena yekha ali m'tulo. Vuto la mawu omva kawirikawiri ndi limenelo, amafika poti amangodutsa ngati phokoso la chigayo.

Ali panjira Wayilesi anayamba kuwayeserera. Anapinda msana, kutsimphina, n'kumati ndi mawu okhuthala, "Mwala uli ndi kumaso ndi kumbuyo, ana inu." Kanyerere anaseka mpaka penti inatsala pang'ono kutayika.

3. Pokwera

Chigawocho chinkayambira pamlatho wamatabwa n'kukathera pakanyumba kogona oyenda, ulendo wa maola anayi kwa munthu wopanda ntchito m'manja. Iwo anatenga maola asanu ndi awiri.

Kanyerere ndiye ankapaka. Ankasankha mwala wooneka patali, kuupukuta ndere ndi burashi yawaya, kenako n'kulemba mzere wachikasu wotalika ngati chikhatho. Akaima pachizindikiro chimodzi ankafuna kuti chotsatira chizioneka. Njira yatsopano inkadutsana ndi yakale malo atatu, ndipo paliponse ankafufuta chikasu chakale chimene chinkaoneka kwa wokwera.

Wayilesi ankanyamula zitini ndi nkhani. Anasimba za aphunzitsi a masamu ndi njinga yawo yopanda mabuleki, za mnyamata wa kugolosale amene ankamupatsa chenje chopitirira, za maluko atsopano a tsitsi amene anawaona pafoni. Chikwanje anachigwira kawiri kokha, pojambulitsa. Manja ake sanakhudze penti ngakhale kadontho, pamene a Kanyerere anali achikasu mpaka m'zikhadabo.

Anafika pakanyumba dzuwa litapendeka. Asanamalize n'komwe kumwa madzi, mitambo inatsika, kunja n'kuyamba kuwaza. Pamwala wonyowa penti sigwira, imangoyenderera ngati phala lamadzi. Kanyerere anaima pakhomo la kanyumbako akuyang'ana kumwamba, mtima ukuwawa.

Woyang'anira kanyumbako anawauza kuti galimoto imene inabweretsa nkhuni ikutsika posachedwa kudzera msewu wa kunkhalango, ndipo malo alipo.

"Basi tikwere," anatero Wayilesi. "Mapazi anga ali matuza okhaokha."

"Nanga zotsika? Mawa sindingabwere. Amayi ali pantchito tsiku lonse, ine ndikhala ndikulera mng'ono wanga. Kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu ndi mayeso."

"Ndiye ine ndili pano kudzatani? Mawa ndibwera ndi galimoto yomweyi m'mawa, nditsika ndikupaka. Kutsika n'kovuta ngati? Ndipatse zitinizo."

"Ukunena zoona, msuweni?"

"Iwe, ndinayamba ndakunamizapo?"

Kanyerere anaganiza pang'ono, ndipo sanakumbuke tsiku lililonse limene Wayilesi anamunamiza pankhani yaikulu. Anamupatsa zitini zonse ziwiri, koma burashi ya a Kalipentala anaiika m'chikwama chake n'kumupatsa ina.

4. Lolemba

Atatuluka m'mayeso oyamba anakumana kumpopi wa sukulu. Wayilesi anali atalukitsa tsitsi latsopano, timaluko ting'onoting'ono tofika m'mapewa, ta mtundu umene woluka amayamba m'mawa n'kumaliza dzuwa likulowa.

"Zinayenda bwanji dzulo?" anafunsa Kanyerere.

"Zonse myaa. Ngakhale wakhungu atha kutsika."

"Malo onse atatu?"

"Onse atatu. Ukundifunsa ngati wapolisi bwanji?"

Kanyerere anayang'ana tsitsilo. Anayang'ananso manja a msuweni wake pamene ankawatchera pampopi. Anali oyera bwinobwino, zikhadabo zili mbee. Penti ya gulu inali yamafuta, inkakhala m'zikhadabo milungu iwiri ngakhale utakwecha ndi mwala.

"Manja akowa ayera bwanji?"

"Ndinavala majumbo m'manja. Ukuganiza kuti aliyense amakonda kuoneka ngati wagwira m'chitini monga iwe?" Anaseka, namukoka khutu, n'kuthamangira anzake.

Tinene zoona, Kanyerere sanali wopusa. Maso ake anaona zonse. Koma kukayikira msuweni kunamuchititsa manyazi, ndipo anasankha kukhulupirira pakamwa kusiyana ndi manja.

Madzulo anadzera kunyumba ya zida. A Kalipentala anali atapita kukagula matabwa. Anapezamo a Mlembi, bambo wa magalasi wokonda kuyang'ana wotchi, ataima kutsogolo kwa misomali ija.

"Wabwera bwino, Kanyerere. Kuli gulu la anthu asanu ndi mmodzi layenda masiku asanu ndi awiri tsopano. Lachitatu agona pakanyumba kako, Lachinayi akufuna kutsika. Chigawo chako chikakhala chotseka, azungulira ndi msewu wa kunkhalango, ndipo ulendo wawo wonse uonongeka chifukwa cha ife. Ena ayamba kale kunena kuti tinalakwa kupatsa mwana. Ndiwauze chiyani? Mwamaliza kapena ayi?"

Mawu akuti mwana anamulasa. Akanatha kunena kuti, dikirani mpaka Loweruka ndikaone ndekha. Akanatha kupempha wamkulu wina kuti amuthandize. Sananene chilichonse mwa izi.

"Tamaliza," anatero.

"Kokwera ndi kotsika?"

"Konse."

Anatambasula dzanja lake lachikasu lija, anachotsa kathabwa pamsomali, n'kukabwezera kuyera kuli kunja. Kanali kopepuka kwambiri. A Mlembi anamugwira paphewa n'kutuluka akuimba foni.

5. Lachinayi

Uthenga unamupeza Kanyerere akuanika zovala, mayeso atatha dzulo lake. Galimoto ya gulu inaima pamsewu, a Mlembi n'kukuwa ali mkati momwemo kuti avale nsapato msanga, kuchigawo chake kwagwa munthu.

Anakwera ndi msewu wa kunkhalango mpaka pakanyumba, amuna asanu ndi machira, a Namwino amene anali wapampando wa gulu, ndi Kanyerere. Kuchoka pakanyumba anayamba kutsika wapansi m'nkhungu.

Apa ndi pamene Kanyerere anaona chigawo chake ndi maso a wotsika. Zizindikiro zake zonse zatsopano zinali zitabisala kuseri kwa miyala. Panalibe ngakhale chimodzi cholozera njira yatsopano. Atafika pamphambano yoyamba, chikasu chakale chinali pomwepo pamwala waukulu, chowala bwino, chikuitanira anthu kumanja kumene kunali phompho. Penti yotuwa inali isanafikepo.

Wogwayo anali mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ankatsogolera anzake. Anatsata chikasu mpaka dothi linagumuka pansi pa mapazi ake. Mwamwayi anakodwa pachitsa mamita ochepa kuchokera pamwamba, apo ayi bwenzi tikusimba za maliro. Mwendo wake wamanzere unathyoka pansi pa bondo.

Anamukoka ndi zingwe n'kumugoneka pamachira. Mayiyo sanakalipe. Ali chigonere, milomo ili gwa ndi ululu, anangoti, "Pepani pokuvutitsani. Ine ndimangotsata zizindikiro." Kanyerere anabisa manja ake kumbuyo.

6. Msonkhano

Loweruka gulu silinakwere phiri. Linasonkhana mushopu ya a Kalipentala, anthu atakhala pamabenchi osamaliza kupala. Amalume ake a Kanyerere, bambo ake a Wayilesi, analipo. Anali mwini chigawo chachitatu, munthu wosaseka ndi mwana, amene akangokhosomola panyumba pake aliyense ankapeza chochita. Wayilesi anakhala pambali pawo, tsiku limenelo ali chete.

A Namwino sanazungulire. "Kanyerere, kathabwa anatembenuza ndani?"

"Ndine, mayi."

"Unatsika chigawo chako ndi mapazi ako?"

"Ayi."

Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo anati, "Si tinanena ife."

"Nanga unatembenuziranji?"

Kanyerere anayang'ana msuweni wake. Ankayembekeza kuti aimirira yekha, chifukwa pakati pawo mlandu ankagawana nthawi zonse, ngakhale wa kapu yosweka. Wayilesi ankayang'ana utuchi pansi.

"Tinagwirizana kuti msuweni wanga atsike Lamulungu," anatero Kanyerere pomaliza. "Lolemba anandiuza kuti wamaliza malo onse atatu."

Mitu yonse inatembenuka. Amalume anakhosomola kamodzi. Wayilesi anawayang'ana, kenako anaimirira, ndipo siteshoni inatseguka.

"Ine? Ine sindinanene zimenezo, mayi. Lamulungu ndinali kolukitsa tsitsi tsiku lonse, mukafunse woluka. Zitini anangondisungitsa chifukwa chikwama chake chinadzaza. Onani manja angawa, muli penti umu?" Anawatambasula kuti aliyense aone. "Lolemba kumpopi ndinamuuza kuti, msuweni, usakatembenuze, sitinatsike. Iye anati a Mlembi akufulumira, palibe angadziwe. Ine ndikanatani? Chigawo si changa."

Anamaliza akulira, ndipo misozi yake inali yeniyeni.

Wayilesi akanangokana kuti sanalonjeze, mwina zikanapiririka. Koma kumuikira mawu m'kamwa, kumupeka kukhala munthu amene anadziwa n'kusasamala, zimenezo zinamupweteka Kanyerere kuposa kumenyedwa. Uyu anali munthu amene ankagona naye bulangete limodzi patchuthi, amene ankadziwa zinsinsi zake zonse. Anafuna kukuwa kuti wabodza, koma chimene chinatuluka chinali kamawu kakang'ono. "Msuweni, ukunena ine?"

Wayilesi sanamuyang'ane.

"Mwana wanga sanama pamaso panga," anatero amalume. Nkhani ya Wayilesi inathera pomwepo.

A Namwino anatembenukira kwa a Kalipentala. "Bambo, munati akadzalakwa tidzakufunseni. Tikukufunsani."

A Kalipentala anadzuka pang'onopang'ono atagwira tebulo. Anaoneka okalamba kuposa sabata yatha.

"Mwandifunsa, ndiyankha. Amene akunama pakati pa ana awiriwa ine sindikumudziwa, sindinali kumpopiko. Mwina ndikumuganizira, koma kuganizira si umboni. Chimene ndikudziwa n'chakuti ngakhale zonse zimene wanena Kanyerere zitakhala zoona, mlandu suchoka pa iye. Mwanawe, tiyerekeze kuti anakunamizadi. Dzanja limene linafika pamsomali linali la yani? A Mlembi atakufunsa kuti kokwera ndi kotsika, pakamwa pamene panati konse panali pa yani? Lamulo lija sitinaliike chifukwa anthu onse ndi abodza. Tinaliika chifukwa ngakhale wokukonda amatopa, amaiwala, amaopa. Unali ndi liwu limodzi lokha loti unene, lakuti sindinaone. Ukanachita manyazi tsiku limodzi. Taona tsopano, mayi uja ali m'chipatala ndi chitsulo m'mwendo, ndipo madokotala akuti za mapiri aiwale. Madzi akatayika saoleka. Ine ndinalakwa kufulumira nawe, ndipo ndikupepesa gulu lonse. Bweretsa burashi."

Kanyerere anatsegula chikwama. Anaitulutsa burashi ya chogwirira chakuda ija, yotsukidwa bwino ndi palafini monga anamuphunzitsira, n'kuipereka ndi manja awiri. A Kalipentala anailandira osamuyang'ana kumaso.

Chigamulo chinali chakuti Kanyerere asagwire chida cha gulu kapena kuponda chigawocho mpaka chaka chithe. Kathabwa kaja anakabwezera kufiira. Kenako panabuka funso la amene amalize ntchitoyo. Mvula inali itaononga paliponse, ndipo aliyense anali ndi chigawo chake chomulemera. Pomwe Loweruka lotsatira ana makumi anayi a sukulu ya pulayimale anali oti adzakwere pagalimoto mpaka pakanyumba n'kutsika wapansi, ulendo umene anaukonzekera chaka chonse.

"Wanga uyu njira yatsopanoyo waiyenda," anatero amalume. "Si choncho?"

"Ndikuidziwa yonse, bambo," anayankha Wayilesi akupukuta misozi.

A Namwino anatenga burashi ija patebulo n'kumupatsa Wayilesi. Kanyerere anatuluka msonkhano usanathe, ndipo panalibe womuitana.

7. Pakhomo

Amayi ake a Kanyerere anamvetsera nkhani yonse atakhala pampando wa kukhitchini, yunifolomu ya kuntchito asanavule. Atamaliza anapuma mozama.

"Ndikukukhulupirira, mwana wanga. Wayilesi ndamulera nawo, ndikudziwa mmene amanjenjemerera bambo ake. Koma usakayambanitse mabanja. Aja ndi achimwene anga, ndipo chibale n'fupa, sichiwola. Ingozisiya, zidzaululika zokha."

"Ndiye ine ndikhale wabodza mpaka liti?"

Amayi ake anadzuka n'kukatereka madzi a tiyi.

Masiku atatu Kanyerere sanalankhule ndi munthu kusukulu. Akaona timaluko tija patali ankakhota. Lachitatu masana ali kuseri kwa nyumba akuchapa, anamva kachitseko ka mpanda kakulira. Atadzutsa mutu anaona Wayilesi ataima, nsapato zili matope okhaokha, siketi itang'ambika pambali, chikwama chili kumsana.

"Choka," anatero Kanyerere.

"Tandimvera kaye, msuweni."

"Usanditchule choncho."

Wayilesi anakhala pachidebe chovundikira. Mawu ake anali otsika, osamveka ngati ake.

"Lero sindinapite kusukulu. Ndinakwera ndi galimoto ya nkhuni kuti ndikapake. Pamphambano yoyamba anamangapo chingwe, pamenepo ndinadutsa bwino. Koma kutsogoloko sindinaone kanthu. Zizindikiro zako zonse zili kuseri kwa miyala. Ndinangoona chikasu china n'kuchitsata, ndipo ndinazindikira ndili pamphepete penipeni, dothi likugumuka. Ndinabwerera chokwawa. Njira ija sindikuidziwa, Kanyerere. Tsiku lija sindinkayang'ana."

"Kawauze a Namwino zimenezo."

"Ndikanena kuti sindikuidziwa, afunsa kuti nanga chinanso chimene ndinanama n'chiyani."

"Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Undiperekeze mawa. Tinyamuke m'mawa, udzingondilozera miyala, ine ndizipaka. Palibe atione. Amene akuchidziwa chigawocho mwala ndi mwala ndiwe ndi a Kalipentala basi, ndipo iwo sangakwere."

Kanyerere anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. "Wandivula pamaso pa anthu, wanditengera chigawo, tsopano ndikugwirire ntchito mobisa kuti akuyamikire iwe. Akandipeza kumeneko andichotsa m'gulu mpaka kalekale. Chabwino. Ndikuperekeza, koma tiyambire kwa a Kalipentala, ukanene zoona."

Wayilesi anapukusa mutu msangamsanga. "Izo ayi. Bambo angandiphe. Ukuwadziwa iwe."

"Basi palibe nkhani."

"A Mlembi akufuna yankho Lachisanu madzulo. Ana aja akubwera Loweruka." Wayilesi anaimirira, n'kukonza chikwama kumsana. Chogwirira chakuda cha burashi chinkasuzumira pazipi. "Ukakana, ine ndingokatembenuza kathabwako. Nanga ndichite bwanji?"

Kanyerere anamuyang'ana kuti aone ngati akuseleula. Sankaseleula. Manja a Kanyerere anakhala m'madzi a sopo osasuntha, mpaka thovu linayamba kuphwa.

M'nyumba, amayi ake anaitana. "Kanyerere, ukulankhula ndi ndani kumeneko?"

"Ndiyankhe msanga," ananong'ona Wayilesi. "Galimoto ya nkhuni imanyamuka sikisi koloko."